Ndinayeza Mpando wa Galimoto ya Amuna Anga

1

Ndine telala. Ndakhala ndikuyeza anthu kwa zaka makumi awiri ndi zinayi, moti mayi akangolowa mu shopu yanga ndimakhala nditadziwa kale kutalika kwa siketi yake asanandipatse n'komwe moni. Luso limeneli landidyetsa, laphunzitsa mwana wanga mpaka ku koleji, ndipo chaka chatha ndi lomwe linagwedeza banja langa. Ndikulemba nkhaniyi chifukwa wolakwa ndine, ndipo ndatopa kumva anthu akuifotokoza mokhotakhota.

Amuna anga amajambula mapulani a nyumba. Ndi munthu wofatsa, samwa, sayendayenda. Chowasokoneza mutu chinali chimodzi, galimoto. Atakwanitsa zaka makumi asanu anagula galimoto yakuda, yaitali, ya mipando yachikopa, yoti injini ikulira sumva. Ankaipukuta okha ndi kansalu kofewa komwe ndinawasokera. Chiwongolero chake sankalola munthu kuchigwira, ngakhale ine amene ndili ndi laisensi komanso kagalimoto kanga konyamulira nsalu. Ndinkaitchula kuti mkazi mnzanga, iwo n'kumaseka.

Eni galimoto za mtundu umenewu mumzinda mwathu ndi ochepa ndipo amadziwana onse. Loweruka loyamba la mwezi amakumana ku galaja ya makaniko wina amene amazidziwa bwino. Amaimika galimoto zawo mondondozana, kuyala mipando yapulasitiki pamthunzi, n'kuyamba kudandaula monyadira. Pakati pa chaka chathacho ndinawaperekeza kumeneko kamodzi.

"Ubwino wake, ukatseka chitseko dziko lonse limatsala kunja," anatero Akontirakita, bambo wonenepa amene ankapatsa amuna anga ntchito zambiri. "Koma mafuta imamwa ngati yathawidwa ndi mkazi."

"Yanga ndaipeza itagwada kumbuyo dzulo m'mawa," anatero mayi wina wamfupi amene onse ankamutchula kuti Adokotala.

"Ndi mabaluni a mpweya amenewo," anayankha makaniko. "Zimenezi zilibe masipuling'i ngati galimoto zinazi. Limodzi likabooka musinthe onse awiri, apo ayi mubweranso mwezi wamawa. Ndipo ndakuuzani kangati kuti mahampu muziwakwera chammbali?"

"Nanga galimoto yodula chonchi yopanda tayala la sipeya, n'zoona zimenezo?" anatero Akontirakita. "Ngakhale kachitsulo koyezera oyilo ilibe. Uzichita kufunsa kompyuta ngati ukuombeza."

Onse anaseka. Kenako amuna anga anati, "Ine chimene ndimaikondera ndi kulira kuja. Chinthu chikayandikira m'mbali imakuchenjeza."

"Phokoso limenelo ife tinazimitsa kalekale, Amapulani," anatero Akontirakita. "Maso tili nawo."

Ine ndinali nditatopa nazo, ndikuganiza za madiresi a ukwati amene ankandidikira ku shopu.

2

Patapita miyezi itatu, Lamlungu lina m'mawa, ndinasowa ndolo yanga. Amuna anga anali kubafa. Ndinatenga kiyi patebulo n'kupita kukayang'ana m'galimoto. Ndolo ndinaipeza pansi pa mpando, koma m'malo motuluka ndinazungulira n'kukakhala pampando wa dalaivala. Ndinkangofuna kumva mmene pamakhalira.

Pachitseko cha dalaivala pali mabatani awiri, olembedwa 1 ndi 2. Mpando wa galimoto zimenezi umakumbukira munthu. Ukaukonza mmene ukufunira n'kusunga, tsiku lina umangodina batani, mpandowo n'kubwerera wokha pamalo ako. Tsiku lomwe anaigula, amuna anga anandionetsa. "Loyambali ndi langa," anatero. "Lachiwirili lilibe mwini."

Ndinadina lachiwirilo ndikudziwa kuti palibe chichitike.

Mpando unayamba kuyenda. Unapita kutsogolo pang'onopang'ono, n'kukwera m'mwamba, mpaka mawondo anga anakanikizika pachiwongolero. Magalasi a m'mbali anatembenuka okha. Ine ndine wamtali, amuna anga ndi atali kuposa ine. Mwana wathu anatengera ife, ndiponso anali ku koleji. Makaniko uja ndi chimunthu chachitali. M'nyumba mwathu ndi m'moyo mwathu munalibe munthu wamfupi chonchi.

Kenako telala wa mwa ine anadzuka. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga tepi yanga, n'kuyeza kuchokera potsamira msana kukafika pa buleki. Mainchesi 33. Ndinadina batani loyamba n'kuyezanso. Mainchesi 41. Ndinayeza kachiwiri kuti ndisadzinamize. Munthu wa mainchesi 33 pamenepo amandifika paphewa, ndipo amavala siketi yosapitirira mainchesi 24. Ndinatseka galimoto, n'kubwezera kiyi pomwe ndinaitenga.

3

Pakudya chamasana ndinafunsa ngati nkhani wamba.

"Bambo, galimoto ija pali wina amene amaiyendetsa?"

"Ayi. Bwanji?"

"Ngakhale ku sevisi?"

"Makaniko yekha, poilowetsa m'galaja." Anatambasula dzanja kuti atenge mchere, n'kugwetsa kapu yamadzi imene inali pambali pawo. Inali kapu yachitatu mwezi umenewo. Ndinati mumtima, chikumbumtima chikunjenjemeretsa manja.

"Batani lachiwiri lija likadali lopanda mwini?"

Anayamba kupukuta tebulo. "Mwina makaniko anadinadina," anatero, osandiyang'ana.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tili limodzi, amuna anga anali asanandinamizepo pamaso. Tsiku limenelo anandinamiza, ndipo ndinadziwa. Ndikanatha kuwagwira dzanja n'kunena kuti ndiuzeni zoona. Sindinatero. Ine ndikapsa mtima sindifunsa kachiwiri, ndimayamba kusonkhanitsa umboni.

Umboniwo sunavute. Anali atasiya kupita nane kocheza madzulo, akuti atopa. Kumbali yakumanzere ya galimoto kunali kukalika kwakutali, ndipo atandiuza kuti anakhula chipilala cha pageti pathu ndinaseka mumtima. Munthu wolowa pageti limenelo zaka khumi angakhule chipilala? Ndinati ndi kamkazi kaja kakuphunzira kuyendetsa. Ndipo Lachinayi lililonse lachiwiri foni yawo inkakhala yozimitsa kuyambira 10 koloko mpaka 1 koloko masana.

4

Lachinayi lachiwirilo litafika ndinatseka shopu, ndinasiya kagalimoto kanga, n'kukakhala m'kantini ina yoyang'anizana ndi ofesi yawo. Ndinaitanitsa tiyi, tiyiyo anazizira ndisanamulawe.

Itangodutsa 1 koloko galimoto yakuda inatulukira pakona. Galimoto yotere sibisika, aliyense mumsewu amatembenuka. Inakwera hampu chammbali, mwaluso, monga ankanenera makaniko. Pachiwongolero panali mayi wamfupi. Dzuwa linkawala pagalasi moti nkhope sindinaione bwino. Koma amuna anga ndinawaona. Anali pambali pake, atatsamira, atavala magalasi akuda omwe sindinawaonepo, mutu atauponya kumbuyo ngati munthu wokhuta.

Mayiyo anaimika galimoto kuseri kwa ofesi. Patapita kanthawi anatuluka pageti lakumbuyo n'kukwera takisi. Ndinamuona msana wokha, siketi yotuwa ndi nsapato zafulati. Siketiyo inali ya mainchesi 24, ndikanatha kulumbira.

Ndinalira m'kantinimo, pamaso pa anthu. Ndikuvomera kuti sikunali kulira kwa chisoni chokha. Munali ukali, komanso kansangala koipa koti ndinalondola. Chinandipweteka kwambiri sichinali chibwenzicho. Chinali chiwongolero. Ine amene ndakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sindinachigwirepo, koma wina anali ndi batani lakelake.

Pobwerera ku shopu ndinakumbukira munthu wamfupi wodziwa kukwera hampu chammbali, Adokotala aja. Panali patatsala masiku awiri kuti Loweruka loyamba la mwezi lifike.

5

"Lero ndipita nawo ku galaja," ndinatero Loweruka m'mawa.

"Mumati kumakutopetsani."

"Ndasintha maganizo."

Tepi ndinaiika m'chikwama. Njira yonse amuna anga anayendetsa pang'onopang'ono, akutembenuza mutu uku ndi uku, galimoto ikulira pa njinga iliyonse yodutsa.

Tinapeza anzawo atakhala kale. Makaniko anali atatsegula boneti ya Akontirakita, akuwakalipira chifukwa chothira oyilo wotchipa. Adokotala anabwera ndi amuna awo, aphunzitsi opuma ntchito, bambo waimvi amene ankangokhala phee ndi nyuzipepala yake.

"Batire ya galimoto izi ili kubuti, ndipo ikafooka galimoto yonse imapenga," makaniko ankatero. "Mukagula yatsopano musamangoiyika, muzibwera nayo ndiiuze kompyuta kuti mwasintha."

Ndinapatsa Adokotala moni ndikumwetulira. "Chikopa cha mipando yanu n'chokongola. Ndingalowe ndione?"

"Lowani, mayi, n'kosatseka."

Ndinalowa chammbali, pakuti miyendo yanga sinkakwana. Ndinatulutsa tepi. Kuchokera potsamira msana kukafika pa buleki, mainchesi 33.

Ndinatuluka tepi ili m'khosi ngati ndili ku shopu. Ndinapita pagalimoto yathu, ndinatsegula chitseko cha dalaivala mpaka kumapeto kuti onse aone.

"Inu mumakamba ubwino wa galimoto zimenezi mwezi uliwonse," ndinatero mokweza. "Pali ubwino umodzi umene simunautchule. Sizinama."

Ndinadina batani lachiwiri. Mpando unayenda kupita kutsogolo, ukulira pang'ono.

"Adokotala, bwerani mukhale. Mpando wanu uwu. Ndayeza uno, ndayeza wanu, palibe kusiyana ngakhale theka la inchesi. Lachinayi ndinakuonani mukuwatsitsa kuseri kwa ofesi."

"Mayi, tiyeni kunyumba," anatero amuna anga chapansipansi.

"Kunyumba kuti? Kwanga kapena kwawo?"

Aphunzitsi anapinda nyuzipepala yawo bwinobwino. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana akazi awo.

"N'zoona zimenezi?"

"Ndinaiyendetsa," anatero Adokotala.

"Kangati?"

"Kasanu ndi kawiri."

"Chifukwa chiyani?"

Adokotala anayang'ana amuna anga. Kenako anayang'ana pansi.

"Sindingathe kunena."

"Kwa ine simungathe kunena?"

"Ngakhale kwa inu, bambo. Pepani."

Aphunzitsi anaimirira. Anatulutsa kiyi m'thumba, anaiika pampando umene anakhalapo, n'kuyamba kuyenda kulowera kugeti. Ankayenda pang'onopang'ono, msana utawerama. Ine ndinaima pamenepo ndikupuma mwamphamvu, ndikuona ngati ndapambana.

6

"Aphunzitsi, dikirani."

Anali amuna anga. Mawu awo ndinali ndisanawamvepo choncho. Aphunzitsi anaima koma sanatembenuke.

"Mayi, bwerani muime apa," anatero kwa ine, akuloza pambali pawo, kumanzere. Sindikudziwa chifukwa chimene ndinamverera. Ndinaima pafupi moti phewa langa linatsala pang'ono kukhudza lawo. Iwo anayang'ana kutsogolo.

"Kwezani dzanja."

Ndinakweza.

"Mwakweza?"

"Ee."

"Sindikukuonani. Dzanja lanu sindikuliona, inuyo sindikukuonani. Ndikuona boneti iyo ndi makaniko, basi. Kwinako kulibe."

Kenako anafotokoza, akuyang'anabe kutsogolo. Adokotala ndi dokotala wa maso. Ine sindinafunsepo n'kamodzi komwe kuti ndi dokotala wa chiyani. Amuna anga ali ndi matenda amene amadya maso kuyambira m'mbali, mwakachetechete, osapweteka. Chimene chapita sichibwerera, madokotala amangoyesa kuteteza chotsalacho. Lachinayi lililonse lachiwiri ankapita kukapimidwa, ndipo mankhwala amene amawadontheza m'maso amachititsa kuti kuwala kuwalase kwa maola angapo. Sakanatha kuyendetsa. Kusiya galimoto kuchipatala cha maso sakanathanso, chifukwa mzinda wonse umaidziwa. Anachonderera Adokotala, monga mnzawo wa pagulu, kuti aziwabweza ku ofesi pa nthawi yawo yopuma masana. Anawalumbiritsanso kuti asauze munthu, ngakhale amuna awo.

"Batani lija ndinasunga ndine," anatero Adokotala, misozi ili m'masaya. "Ndinatopa kukonza mpando nthawi zonse. Ndipo ndakhala ndikuwauza kuti akuuzeni, asiyenso kuyendetsa."

Aphunzitsi anabwerera. Anatola kiyi yawo, anagwira akazi awo padzanja, n'kupita nawo kugalimoto. Podutsa pamene ndinaima, anangoti, "Safunsa anadya phula, mayi." Sanakweze mawu.

Akontirakita anatsokomola. Nthawi imeneyo amuna anga ankayang'anira ntchito yawo yaikulu, nyumba ya nsanjika zisanu.

"Amapulani," anatero, "ndiye nsanjika zija mwakhala mukukwera pamene m'mbali simukuona?"

"Ndimafuna ndimalize imeneyi yokha."

"Mukanagwa bwanji? Mukanaphonya chitsulo, nyumba n'kugwera anthu?"

Makaniko anatseka boneti pang'onopang'ono. Amuna anga anatambasula dzanja kundipatsa kiyi, koma analitambasulira pomwe sindinali. Ndinachita kusuntha kuti ndiilandire. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinayendetsa galimotoyo koyamba, ndipo iwo anatsegula chitseko chakumbuyo n'kukhala kumeneko.

7

Lolemba Akontirakita anapereka ntchito ija kwa munthu wina. Sindingawanene, anali ndi chifukwa. Koma nkhani inayenda, ndipo pasanathe mwezi mafoni a ntchito anasiya kulira. Nkhani ina inayendanso, yoti dokotala wa maso anagwidwa ndi mwamuna wa mwini. Mbali yachiwiri ya nkhaniyo, yowayeretsa, sinayende mtunda wofanana. Odwala ena anasiya kupita kwa iwo.

Ndinapita kunyumba kwa Adokotala kukapepesa. Anandilandira pakhonde, osandilowetsa m'nyumba. Anamva zonse zimene ndinanena, n'kuti, "Ndamva. Mankhwala awo asamadumphe, m'mawa ndi madzulo." Amuna anga anawatumiza kwa dokotala wina. Ku galaja sanapitekonso.

Kunyumba kwathu kunalibe kukalipa. Ndikanakonda kukanakhala kukalipa. Amuna anga ankadya, kuthokoza, n'kukakhala pakhonde. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene anandibisira.

"Ndinkaopa," anatero. "Ndikanakuuzani inu, zikanakhala zenizeni."

"Ndine mkazi wanu."

"Ndi zoona. Ndinalakwa. Koma inunso munali nane m'nyumba muno miyezi yonseyi. Munaona mpando wokha."

Ndinalowa kuchipinda n'kulira.

Kuyambira pamenepo ine ndi amene ndimawayendetsa, kuchipatala, kutchalitchi, kulikonse. Ndaphunzira kukwera mahampu chammbali, ndaphunzira kumvetsera baluni likayamba kutulutsa mpweya. Koma ulendo uliwonse iwo ankatsegula chitseko chakumbuyo. Mpando wa pambali panga unkakhala wopanda munthu. Anthu mumsewu ankaona bwana ndi dalaivala wake, ndipo ine ndinkati ndicho chilango changa. Ndinachilandira kwa miyezi isanu osafunsa. Mumtima ndinkadziwa kuti banja lija linathera pagalaja, tangotsala anthu awiri odyera tebulo limodzi.

8

Owerenga anzanga, sindikuuzani kuti musamakayikire amuna anu. Ena ndi oyenera kuwakayikira, ndipo bodza limene anandiuza patebulo lija linali bodza ndithu. Sindikuuzaninso kuti kubisa matenda n'kwabwino. Amuna anga akanatha kugunda mwana wa munthu pamsewu chifukwa cha manyazi awo. Chimene ndikunena n'chakuti miyeso yanga yonse inali yolondola, palibe inchesi imene ndinaphonya, koma ndinavulaza anthu atatu osalakwira banja langa. Ndinali ndi masabata awiri oti ndifunse kachiwiri m'chipinda mwathu, chitseko chili chotseka. Ndinasankha galaja chifukwa ndinkafuna mboni. Pepani sapoletsa chilonda, ndayesa.

Mwezi watha, tikuchokera kuchipatala, tinaima pa maloboti. Dokotala anali atangotiuza kuti kuona kwa diso lakumanzere kwachepanso. Mtima unandikwana, ndipo ulendo uno ndinafunsa.

"Bambo, mudzakhala kumbuyoko mpaka liti? Ngati simunandikhululukire, nenani. Ndipirira, koma nenani."

Kumbuyo kwathu wina anayamba kuliza hutala.

"Za kukhululuka sindikudziwa, mayi. Masiku ena ndakhululuka, masiku ena ayi," anatero. "Koma kukhala kuno si chifukwa chimenecho. Ndikakhala pambali panu sindikuonani. Kuno ndimaona maso anu pagalasi. Sindikudziwa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji."

Maloboti anali atasintha kalekale. Ndinayendetsa mpaka kunyumba osapukuta misozi, chifukwa ndinkadziwa kuti akuyang'ana.